Liwu la "get": n'chifukwa chiyani silikhazikika pa tanthauzo limodzi?

Wa_Fomu_3
Moni nonse akuluakulu. Ndithandizeni pa liwu la "get". M'kadikishonale kakang'ono alemba kuti ndi kupeza, koma tanthauzo limeneli likukanika m'ziganizo zambiri. "It is getting dark." "I don't get it." "We got home late." "He got arrested." Kupeza kukulowa pati apa? Pali njira yodziwira, kapena n'kungoloweza chiganizo chilichonse pachokha?

aPhiri_Dedza
Njira ilipo mwana wanga, ndipo si yoloweza. Usayambe ndi kufunsa kuti "get" ndi chiyani m'Chichewa. Yamba wayang'ana liwu lomwe likubwera pambuyo pake, chifukwa ndi limene limasankha tanthauzo.

Pakabwera dzina la chinthu, ndiye kuti chinthucho chafika kwa munthu. Njira imene chafikira ndi imene imakuuza mneni wa Chichewa woti ugwiritse ntchito. "I got a letter", ndalandira kalata. "I got these tomatoes at the market", ndagula. "She got a job", wapeza ntchito. "He got malaria", wadwala malungo. "He got five years", am'gamula zaka zisanu. "She got 14 points", wakhoza ndi mapointi 14 pa MSCE. Waona kuti kupeza kwatuluka kamodzi kokha pa ziganizo zisanu n'chimodzi.

Pakabwera mfotokozi, monga "dark", "tired", "angry", "better", ndiye kuti chinthu chikusintha kuchoka mmene chinalili. "It is getting dark", kukuda.

Pakabwera malo, ndi kufika. "We got home late", tinafika kunyumba mochedwa.

Pakabwera mneni wa mtundu umene Angerezi amautcha past participle, monga "arrested", "paid", "stolen", ndi msintho wochitidwa. "He got arrested", anamangidwa.

Chiganizo chako chatsala, "I don't get it", ndi cha gulu loyamba lomwe lija, kungoti chomwe sichinafike ndi ganizo, osati katundu. Sindikumva.

Womasulira
Apo pa "sindikumva" aphunzitsi mwagunda penipeni. Wophunzira wathuyu asadabwe ngati kuti Chingerezi chokha ndiye chili ndi khalidwe limeneli. Ife timamva phokoso, timamva njala, timamva fungo, timamva kuwawa, timamva Chitumbuka, ndipo mwana wamwano timati ndi wosamva. Mngerezi amafuna aneni osiyanasiyana pamenepa: "hear", "feel", "smell", "understand", "obey". Kugwira nakonso: kugwira ntchito, kugwira wakuba, kugwira munthu mwendo, mbande zagwira. Palibe Mmalawi amene analoweza mndandanda wa matanthauzo a kugwira. Amangomva liwu lotsatira, basi wadziwa. Ndi mmenenso Mngerezi amachitira ndi "get".

aNabanda
Ine ndikhazikike pa mfotokozi, chifukwa ndi pamene ana athu amagwa kwambiri ndipo chifukwa chake chili m'Chichewa mwenimweni. Kwathu mneni mmodzi amanyamula zonse ziwiri, kusintha ndi mmene zinthu zilili pambuyo pake. Tikati "ndatopa" tikunena kuti kutopa kunandifikira ndipo kudakali nane. Chingerezi chimazilekanitsa: "be" ndi mmene zilili, "get" ndi kusinthako.

Ndatopa: "I am tired." Ndayamba kutopa: "I am getting tired." Ndinatopa nditayenda maola awiri: "I got tired after walking for two hours."
Kwada: "It is dark." Kukuda: "It is getting dark."
Akudwala: "He is sick." Anadwala atadya nsomba ija: "He got sick after eating that fish."
Akupezako bwino: "She is getting better."

Cholakwika chofala ndi kusiya zonse ziwiri n'kulemba "I tired" kapena "I have tired", potsatira "nda-" wa Chichewa. China ndi "I am getting tired" pamene munthu watopa kale zedi.

Kuzolowera kuli ndi msampha wakewake. Ndazolowera ndi "I am used to", ndikuzolowera ndi "I am getting used to", ndipo mneni wotsatira amatenga "-ing": "I am getting used to waking up at four." Ukalemba "getting used to wake up" walakwa, chifukwa "to" ameneyu ndi mperekezi, ndipo pambuyo pa mperekezi pamabwera dzina kapena mneni wa "-ing". Musasokonezenso ndi "I used to wake up at four", lomwe ndi ndinkadzuka 4 koloko, kale, pano ndinasiya.

Wa_Fomu_3
Zikomo amayi. Nanga pa malo, bwanji tikuti "got home" koma ndimaonanso "got to school"?

aPhiri_Dedza
Dzina la malo limafuna "to": "get to school", "get to Mzuzu", "get to the hospital". Koma "home", "here", "there", "back", "inside" ndi aonjezi, ali nako kale komwe ukulowera, ndiye safuna "to". "Get to home" ndi cholakwika. Sunga aneni atatuwa pamodzi, poti aliyense ali ndi lamulo lake: "get to Lilongwe", "arrive in Lilongwe", "reach Lilongwe". "Arrive" amatenga "in" pa mzinda kapena dziko ndi "at" pa malo aang'ono monga depoti, ndipo satenga "to". "Reach" satenga kalikonse. "We reached at the depot" imamveka paliponse koma pa mayeso ndi chilembo chofiira.

Achimwene_a_ku_Leeds
Ndiwonjezere za kukwera ndi kutsika. Ife tili ndi mawu awiri okha, ndipo amakwanira pa njinga, basi, ndege, bwato. Chingerezi chimayang'ana kukula kwa chokweracho ndi mmene umakhalira.

Chomwe ungathe kuimirira n'kuyendamo, ndi "get on" ndi "get off": basi, sitima ya pamtunda, ndege, sitima ya pamadzi ngati Ilala. Chomwe umakhala motangadza miyendo, monga njinga ya kabaza, njinga yamoto, kavalo, ndi "get on" ndi "get off" yomweyo. Chomwe umawerama polowa n'kungokhala pansi, monga galimoto yaing'ono, takisi, bwato, ndi "get in" kapena "get into", ndipo potuluka ndi "get out of".

Minibasi ili pakati. Mudzamva "get on the minibus" komanso "get in the minibus", zonse n'zololeka. Chimene sichimveka bwino kuno ku Britain ndi "get down from the bus", komwe ndi kutembenuza kutsika liwu ndi liwu. "Get down" amanena kwa mwana amene wakwera mumtengo kapena patebulo. Komanso "I will drop at the next stage" sadzakumvani msanga. Iwo amati "I'm getting off at the next stop".

Womasulira
Tsopano gawo limene ndimaliona lokoma kuposa onse, poti apa Chichewa chimathandiza m'malo mosokoneza. Tili ndi msintho wochititsa: kukonzetsa foni, kusoketsa diresi, kugayitsa chimanga, kumetetsa tsitsi. Ntchito wagwira ndi wina, iwe wangoyambitsa. Chingerezi chimamanga zimenezi ndi "get", kenaka chinthucho, kenaka past participle:

Ndakonzetsa foni: "I got my phone repaired."
Akasoketsa diresi: "She will get a dress made."
Tikagayitse chimanga: "Let us get the maize milled."

Ndondomeko ya mawu ndi imene imasunga tanthauzo. "I got my phone repaired" si chimodzimodzi ndi "I repaired my phone", lomwe likunena kuti unatsegula wekha ndi sikuludiraiva. Pa tsitsi pali vuto lina, poti polankhula timangoti "ndameta" ngakhale watimeta ndi wina. Mwana amalemba "I have cut my hair", ndipo Mngerezi amamva kuti wadzimeta yekha pagalasi. Choyenera ndi "I got my hair cut" kapena "I got a haircut".

Ukafuna kutchula munthu amene wagwira ntchitoyo, kamangidwe kamasintha: "get", munthuyo, "to", mneni. "I got the mechanic to check the brakes." Apa pali aneni anayi ofanana ntchito koma osiyana pa "to":
"get him to do it", kumunyengerera kapena kumupempha mpaka wachita, "to" alipo.
"have him do it", kumutuma monga mwa ntchito yake; "to" palibe.
"make him do it", kumukakamiza; "to" palibe.
"let him do it", kumulola, "to" palibe.
Ndiye "she made me to cry" ndi cholakwika, ndipo "she got me sign the form" ndi cholakwikanso, mbali inayo.

Chenjezo limodzi: kamangidwe ka "got my phone repaired" kamanenanso tsoka. "He got his phone stolen" sikuti anabetsa mwadala potuma munthu, koma anamubera. Mneni ndi amene amakuuza ngati ndi chofuna kapena chokugwera.

aNabanda
Pa msintho wochitidwa paja aPhiri anangodutsapo, pali zoyenera kuzinena. "Was arrested" ndi "got arrested" onse ndi anamangidwa, koma "get" amakonda zochitika kamodzi, zadzidzidzi, zokhudza munthu mwini: "got hit", "got caught", "got fired", ndi zabwino zomwe monga "got promoted", "got paid". Sagwirizana ndi aneni onena mmene zinthu zimakhalira nthawi zonse. Timati "she is loved by everyone", "it is believed that", osati "gets loved" kapena "gets believed".

Ali ndi phindu lina. "The window was broken" ikhoza kukhala zenera linali losweka kale, kapenanso zenera linaswedwa. "The window got broken" ndi chochitika chokha, ndipo ili pafupi ndi "linasweka" wathu, pamene sitikufuna kutchula woswa.

Pofunsa ndi pokana, "get" amafuna "do", pamene "be" amadziimira yekha. "Was he paid?" koma "Did he get paid?" "He wasn't paid" koma "He didn't get paid". Pambuyo pa "did" bwererani ku "get". "Did he got" ndi cholakwika.

Ndipo pali kagulu kooneka ngati kochitidwa koma munthu akuchita yekha: "get dressed" kuvala, "get lost" kusochera, "get married" kukwatira kapena kukwatiwa, poti iwo salekanitsa mwamuna ndi mkazi pamenepa. Mperekezi wake ndi "to": "She got married to a teacher." Ana amalemba "with" chifukwa cha "anakwatirana ndi". Komanso "Get lost!" ikanenedwa ngati lamulo ndi kuthamangitsa munthu mwachipongwe, musaiyankhule kwa wamkulu.

Mkonzi_BT
Zonsezi ndi zoona, koma ine malangizo anga kwa wophunzira ndi akuti pa chimangirizo, pa lipoti ndi pa kalata yofunsira ntchito aichepetse "get". Alembe "receive", "obtain", "become", "arrive", "purchase", "understand", "persuade", "recover". "I obtained my certificate in 2022" imalemera kuposa "I got my certificate". Ndime yokhala ndi "got" kasanu imaonetsa kuti wolemba alibe mawu ena.

Achimwene_a_ku_Leeds
Pa kalata ya ntchito ndikuvomereza akulu. Koma lamulo loti "get" ndi liwu loipa laononga Chingerezi cha anthu ambiri. Pali malo amene mawu aakuluwo sakwanamo. Palibe amene amati "become dressed", "become married", "obtain a cold" kapena "I arose at five" pocheza. Munthu akati "I alighted from the bus and purchased bread" pakati pa anzake amamveka ngati akuwerenga chikalata cha kukhoti. Polankhula, "get" ndiye Chingerezi chenichenicho, osati chaulesi.

Mkonzi_BT
Sitikutsutsana kwenikweni achimwene. Muyeso wake ndi uwu: ngati pali liwu limodzi lolowa m'malo mwake popanda kusintha tanthauzo, ndipo ukulembera ofesi kapena woyesa mayeso, tenga liwulo. Ngati palibe, monga "get dressed", "get up", "get used to", "get rid of", isiye ili chomwecho. M'mawu olankhulidwa ndi anthu a m'nkhani yopeka, isiyenso, chifukwa anthu amalankhula choncho.

Wa_Fomu_3
Nanga "got" ndi "gotten", cholondola ndi chiti? M'mafilimu ndimamva "gotten".

aPhiri_Dedza
Zonse ndi zolondola kwawo. Ku Britain ndi "get, got, got". Ku America ndi "get, got, gotten". "Gotten" si chatsopano ayi, ndi liwu lakale la ku England komweko lomwe linawoloka nyanja ndi atsamunda m'zaka za m'ma 1600 n'kukhalira kumeneko, pamene kwawo linazilala. Latsala m'mawu ngati "ill-gotten gains" ndi mu "forgotten". Sukulu zathu zimatsata Chingerezi cha ku Britain, ndiye pa mayeso lemba "got".

Amereka amapindula ndi mawu awiriwa: "I've got a car" ndi ndili ndi galimoto, "I've gotten a car" ndi ndapeza galimoto.

Pamenepo tafika pa "have got". Imaoneka ngati nthawi yangothayi koma tanthauzo lake ndi kukhala ndi chinthu panopa: "I have got two sisters" ndi chimodzimodzi "I have two sisters". Malamulo ake:
Funso ndi "Have you got a pen?" kapena "Do you have a pen?" Osasakaniza kuti "Do you have got".
Yankho lalifupi ndi "Yes, I have", osati "Yes, I have got".
Pa nthawi yakale, "got" amachoka: "I had a bicycle."
Sigwira pa zochita: "I have a bath every morning", osati "I have got a bath every morning".

"Have got to" ndi kuyenera: "I have got to go", ndiyenera kupita. Koma "get to" wotsatidwa ndi mneni ndi kupeza mwayi: "We got to see the elephants at Liwonde", tinali ndi mwayi woona njovu. Polankhula mothamanga anthu amameza "have" n'kunena "I got to go" kapena "gotta go", ndiye zimafanana. Polemba usameze.

Womasulira
Kamodzi kena kamene sitinakatchule: "get" wa kukatenga. Ali ndi ulendo wopita ndi wobwera, monga "-ka-" wathu. "Get a chair", katenge mpando. "Bring" ndi kubweretsa kuno, "take" ndi kupita nacho uko, "get" ndi kupita, kutenga, n'kubwera nacho. Ukaika munthu pakati, wapanga msintho womchitira: "Get me some water", kanditengereko madzi; "I got her a wrapper", ndam'gulira chitenje. Foni ikalira kapena wina akagogoda, "I'll get it" ndi ndiyankha ine kapena nditsegula ine. Pa malo odyera, "I'll get this" ndi ndilipira ine.

Ndi kenanso: "You get a lot of rain in Mulanje" sakunena iwe ayi. Akungoti ku Mulanje kumagwa mvula yambiri.

aNabanda
Katchulidwe nakonso. Chichewa chili ndi malembo a liwu asanu, ndipo timakonda kutseka liwu lililonse ndi limodzi la iwo. Mapeto ake "get" ndi "gate" onse amatuluka "geti", "got" ndi "goat" onse "goti". Pa "get" liwu ndi lalifupi, "e" mmodzi wodulidwa msanga ndi "t", popanda "i" kumapeto. Pa "gate" pakamwa pamayenda kuchoka pa "e" kupita pa "i" musanafike pa "t". "G" wake ndi wa gule, osati wa "gentle", chifukwa liwuli linalowa m'Chingerezi kuchokera ku chilankhulo chakale cha anthu a ku Scandinavia, kumene linali "geta". Polemba, "t" amakhala awiri mu "getting".

Achimwene_a_ku_Leeds
Chatsala ndi "get" wophatikana ndi timawu ting'onoting'ono. Apa pokha kuloweza kumafunika ndithu, koma lowezani chiganizo chonse, osati mawu awiri okha.
"She got over the flu", wachira; imanenedwanso pa chisoni cha maliro kapena chibwenzi chotha.
"We get by on one salary", tikungokwanitsa movutikira.
"He gets on with his in-laws", amagwirizana; ku America amakonda "gets along with".
"Get on with your work", pitiriza ntchito, usachedwe. Mawu omwewo, tanthauzo lina, ndipo chosiyanitsa ndi chakuti chotsatira ndi ntchito osati munthu.
"He got away with it", wapalamula koma sanalangidwe. Popanda "with", "got away" ndi wathawa chabe.
"I couldn't get through", foni sinalowe.
"I'll get back to you", ndikuyankhani nthawi ina.
"I haven't got round to it", sindinapezebe mpata wochita.
"What are you getting at?", ukufuna kunena chiyani kwenikweni?

Malo a mlowam'malo ndi ofunika. Pa ena amalowa pakati: "get it back", osati "get back it". Pa ena sangalowe: "get over it". Ukatembenuza n'kunena "get it over with" wanena china, chita msanga chinthu chosasangalatsa chithe.

Mkonzi_BT
Kwa amene akuona ngati "get" wachulukitsa: mu Oxford English Dictionary ya 1989 mneni "set" anali ndi matanthauzo 430, ndipo atakonzanso gawo la "run" anapeza 645. Aneni aafupi ogwiritsidwa ntchito tsiku lililonse ndi amene amasenza katundu wambiri. N'chifukwa chake kadikishonale kopereka liwu limodzi pa liwu limodzi sikakwanira pa aneni otere. Pezani dikishonale ya ophunzira Chingerezi, zilipo zaulere pa intaneti za Oxford, Cambridge ndi Longman. Muziwerenga kamangidwe kolembedwa mwakuda, monga "get sb to do sth" ndi "get sth done", pomwe "sb" ndi "somebody" ndipo "sth" ndi "something". Fananitsani ndi chiganizo chanu, mudzapeza tanthauzo osawerenga tsamba lonse.

Wa_Fomu_3
Ndayesa kulemba zanga, mundikonze.
1. Yesterday I got to home at six.
2. My mother got the tailor sew my uniform.
3. I am getting used to study at night.
4. Did you got my message?
5. My uncle got his car washed.

aNabanda
Chachisanu chili bwino, amalume atsukitsa galimoto. Choyamba chotsa "to": "got home at six". Chachiwiri muli munthu wogwira ntchito, ndiye bwezeramo "to" yemwe wachotsa m'choyambayo: "got the tailor to sew my uniform", kapena usamutchule telalayo n'kunena "got my uniform sewn". Chachitatu ndi "used to studying". Chachinayi "did" wanyamula kale nthawi yakale, ndiye "Did you get my message?" Lembanso zina zisanu, ziwiri zikhale za mfotokozi, chimodzi cha kukwera kabaza, ziwiri za "have got" pofunsa ndi poyankha, uzitumize pano tizione.